Misonkho ya bizinesi yaing'ono: ndalama zanu ndi ziti, za boma ndi ziti

"Kodi ineyo, ndi kabizinesi kangaka, ndiyenera kulipira msonkho wanji?" Funso limeneli talimva kambirimbiri, ndipo nthawi zambiri wofunsayo amabwera atagwira kale kalata ya chindapusa m'manja. Tiliyankhe pano kamodzi, mwandondomeko.

Dziko lililonse lili ndi milingo yake ya msonkho ndi masiku ake operekera, ndipo zimenezi zimasinthasintha, makamaka bajeti ya boma ikatuluka. Koma kayendedwe ka msonkhowo n'kofanana pafupifupi kulikonse. Mukakamvetsa, chotsala ndi kungotenga manambala a chaka chino ku bungwe lotolera misonkho m'dziko lanu n'kuwaika m'malo mwake. Manambala onse a m'zitsanzo zili m'munsimu, ndi maperesenti omwe, ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke poyera. Musawakopere pa fomu.

1. Dziwani kuti lamulo likuiona bwanji bizinesi yanu

Ngati bizinesi ndi ya inu nokha ndipo simunalembetse kampani, inuyo ndi bizinesiyo ndinu chinthu chimodzi. Phindu lake ndi ndalama zanu, ndipo limaphatikizidwa ndi zina zomwe mumapeza, monga malipiro a kuntchito kapena lendi ya nyumba, kenako msonkho umawerengedwa pa zonsezo pamodzi.

Ngati mwagwirizana awiri kapena angapo popanda kampani, m'mayiko ambiri mgwirizanowo sulipira msonkho pawokha. Phindu limagawidwa monga munapanganirana, aliyense n'kulipira pa gawo lake, ngakhale ndalamazo zikanali mu bizinesi, sanazitenge.

Kampani ndi nkhani ina. Lamulo limaiona ngati munthu payokha, ndipo imalipira msonkho pa phindu lake. Ndalama za kampani si zanu, ngakhale masheya onse ali anu. Mukazitenga, ziyenera kutuluka ndi dzina: kaya ndi malipiro, kaya ndi dividendi (gawo la phindu logawira eni masheya), kaya ndi ngongole yolembedwa. Malipiro amadulidwa msonkho, dividendi nayonso kawirikawiri imadulidwa. Ambiri amathamangira kulembetsa kampani chifukwa mawu oti Limited amamveka bwino pa chikwangwani. Walira mvula walira matope: kampani imafuna maakaunti apachaka olongosoka ndi mafomu ambiri, ngakhale chaka chimene sinagulitse kanthu.

2. Lembetsani ku msonkho, ndipo muone zimene mwalembetsa

Kulembetsa dzina la bizinesi ndi chinthu china, kutenga chiphaso ku khonsolo ndi china, kulembetsa ku bungwe lotolera misonkho ndi chinanso. Amene ali ndi chiphaso pakhoma nthawi zambiri amaganiza kuti za msonkho zatha. Sizinathe. Chiphaso ndi chilolezo chochitira malonda pamalopo, sichikhudzana ndi phindu lanu.

Mukalembetsa mudzapatsidwa nambala ya wokhoma msonkho, imene ambiri amaitcha TIN. Pa fomu yolembetsera pamakhala mitundu ya misonkho yoti muchonge. Chongani yokhayo imene ikukukhudzani. Mtundu uliwonse umene mwachonga umatsegula udindo wopereka fomu nthawi yake ikakwana. Mukachonga PAYE, msonkho wodula pa malipiro a antchito, muli opanda wantchito, kompyuta ya bungwelo izidikira fomu yanu mwezi uliwonse, ndipo ikapanda kufika izilemba chindapusa. Mwezi umene simunachite malonda mumaperekabe fomu yolembedwa ziro. Kukhala chete sikutanthauza ziro. Kumatanthauza kuti simunapereke.

3. Gawani misonkho pawiri

Apa ndiye pagona nkhani yonse.

Gulu loyamba ndi misonkho yotuluka m'thumba mwanu: msonkho wa phindu, msonkho wa pachipata mukalowetsa katundu wakunja, ziphaso, ndi msonkho wa malo ngati malowo ndi anu.

Gulu lachiwiri ndi ndalama zimene mumangotolera m'malo mwa boma: VAT (msonkho wowonjezera pa mtengo wa zogulitsa) imene kasitomala wakupatsani, PAYE imene mwadula pa malipiro a wantchito, ndi withholding tax, msonkho umene mumadula pa ndalama za munthu amene mukumulipira. Ndalama zimenezi zimadutsa mu akaunti yanu koma si zanu ngakhale tsiku limodzi. Ndinu wosunga chabe. Bizinesi zambiri zimene zimagwa ndi msonkho sizigwa chifukwa choti malonda anali oipa, koma chifukwa mwini wake anaona ndalama mu akaunti, n'kuodera katundu, tsiku lopereka n'kumupeza alibe. Zilango za gulu limeneli ndi zowawa kuposa za gulu loyamba, ndipo m'mayiko ambiri mkulu wa kampani amatha kulipiritsidwa za m'thumba mwake, mawu oti Limited aja osamuteteza.

4. Konzani zolemba musanayambe kuwerenga

Tsegulani akaunti ya bizinesi yokha, ya kubanki kapena ya pafoni, ndipo zapakhomo zisadutsemo. Kenako muzilemba zinthu zinayi: zogulitsa tsiku ndi tsiku, katundu amene mwaoda, zolipira zina zonse, ndi ndalama kapena katundu amene mwatenga nokha kupita naye kunyumba. Kope wamba ndi lokwanira, bola lilembedwe tsiku lomwelo.

Lisiti lililonse lisungidwe. Malisiti a pepala loterera otuluka m'timakina tija amafufutika pakapita miyezi, choncho ajambuleni ndi foni tsiku lomwelo. Chimene mulibe umboni wake, woyendera mabuku wochokera ku bungwe la misonkho ali ndi mphamvu yochikana, ngakhale munalipiradi.

5. Werengani phindu lenileni

Malangizo ambiri amangoti "chotsani zolipira pa zogulitsa", basi. Koma pamenepa ndi pamene anthu amalakwitsa kwambiri, ena kulipira mopitirira, ena kulipira mochepa n'kudzagwidwa pambuyo pake. Tiyende pang'onopang'ono ndi chitsanzo chimodzi.

Tiyerekeze kuti m'chaka chonse mwagulitsa katundu wa 12,000,000. Nambala imeneyi si phindu, ndi zogulitsa. Muikemo zonse: za kashi, za pafoni, za kubanki, ndiponso, ngati malamulo akwanu amawerengera malonda pa tsiku logulitsa, zimene munagulitsa pa ngongole ngakhale sanakulipireni. Musaikemo ngongole imene munatenga kubanki kapena mpamba umene munawonjezera kuchokera m'thumba. Zimenezo zinalowa mu akaunti koma si malonda.

Choyamba kuchotsa ndi mtengo wa katundu amene wagulitsidwa. Mawu ofunika ndi akuti wagulitsidwa, osati amene mwaoda. Katundu amene akadali pa shelefu tsiku lotseka chaka sanathe, ndi chuma chanu chimene chili m'maonekedwe ena. N'chifukwa chake tsiku lomaliza la chaka muyenera kuwerenga katundu yense wotsala, pa mtengo umene munagulira, osati umene mukugulitsira. Masamu ake ndi awa: katundu amene munayamba naye chaka, kuphatikiza amene mwaoda, kuchotsera wotsala. Tinene kuti munayamba ndi wa 1,500,000, mwaoda wa 8,000,000, watsala wa 2,300,000. Mtengo wa katundu wogulitsidwa ndi 7,200,000. Mukauchotsa pa 12,000,000 mukutsala ndi 4,800,000.

Amene sanawerenge katundu woyamba naye ndi wotsala, n'kungotenga amene anaoda, akanachotsa 8,000,000 yonse, phindu lake n'kuoneka lochepa ndi 800,000. Chaka chimenecho angasangalale, koma woyendera mabuku amayamba kufunsa pomwepo, chifukwa sitolo yodzaza katundu siigwirizana ndi mabuku onena kuti zonse zinatha.

Chachiwiri ndi zolipira zoyendetsera bizinesi. Muyeso wake ndi umodzi: kodi ndalamayi inatuluka pofuna kupeza ndalama za bizinesiyi? Lendi ya sitolo 720,000, malipiro a wantchito 960,000, magetsi ndi madzi a pasitolo 240,000, mayendedwe okatenga katundu 360,000, zonsezi zimalowa. Fizi ya ana, chakudya cha kunyumba, zovala zanu za masiku onse, sizilowa.

Vuto limabwera pa zinthu zogwira ntchito mbali ziwiri, monga foni, galimoto, kapena chipinda cha m'nyumba chimene mumasungiramo katundu. Apa mumagawa. Ngati foni yadya 120,000 pa chaka ndipo theka la ntchito yake ndi la bizinesi, muchotsa 60,000. Kugawako kukhale ndi maziko oti mungawafotokoze: pa galimoto, kabuku ka maulendo kolembedwa tsiku, kopita ndi makilomita, pa chipinda, kukula kwake poyerekeza ndi nyumba yonse. Nambala yongoitulutsa m'mutu tsiku lodzaza fomu siipulumuka mafunso awiri.

Zolipira zathu tsopano zakwana 2,340,000. Kuchotsa pa 4,800,000 kukutsala 2,460,000.

Chachitatu ndi zinthu zokhalitsa: makina, firiji, galimoto, kompyuta, mashelefu. Tinene kuti chaka chino mwagula makina a 1,000,000. Ndalama zatuluka zonse, koma kawirikawiri lamulo silikulolani kuzichotsa nthawi imodzi, chifukwa makinawo akugwirirani ntchito zaka zingapo. Mumachotsa gawo chaka ndi chaka pa mlingo umene lamulo linaika pa mtundu wa chinthucho. Pa fomu amalemba kuti capital allowances. Tikayerekeza 20 peresenti, chaka chino muchotsa 200,000. Phindu lokhomera msonkho ndi 2,260,000. Mayiko ena amalola bizinesi zing'onozing'ono kuchotsa gawo lalikulu kapena zonse chaka choyamba, choncho funsani musanagule chinthu chodula, makamaka chaka chikamapita kumapeto.

Tsopano zinthu zinayi zimene zimasokoneza ngakhale anthu olemba bwino.

Ndalama zimene mwini bizinesi amadzitengera. Ngati bizinesi ndi ya inu nokha, zimene mumatenga mwezi uliwonse si malipiro ochotsera. Mwina m'chaka chathu chija munatenga 1,800,000 yapakhomo, ndipo mu akaunti mwatsala zochepa. Msonkho suyang'ana zotsala mu akaunti; ukuwerengedwabe pa 2,260,000. Dandaulo lakuti "phindu limeneli lili kuti, ine sindinalione" limachokera pano. Munaliona, munalidya pang'onopang'ono, ndipo lina lili pa shelefu.

Katundu wotengera kunyumba. Mukatenga katundu m'sitolo kukagwiritsa ntchito pakhomo, lembani. Mukapanda kulemba, mtengo wake umalowa m'zochotsera ngati kuti anagulitsidwa, pamene ndalama yake kulibe.

Kubweza ngongole. Pa ndalama imene mumapereka kubanki mwezi uliwonse pali zigawo ziwiri: kubweza ngongole yeniyeniyo ndi chiwongoladzanja. Chochotsera ndi chiwongoladzanja chokha, ngati ngongoleyo inagwira ntchito mu bizinesi. Pemphani kubanki chikalata chosonyeza zigawo ziwirizi.

Zindapusa. Chindapusa cha pamsewu kapena cha msonkho womwewo nthawi zambiri sichichotsedwa, ngakhale chinabwera muli pa ntchito ya bizinesi.

Phindu likadziwika, msonkho wake umawerengedwa bwanji? Kampani kawirikawiri imalipira peresenti imodzi pa phindu lonse. Munthu payekha amalipira m'magawo. Tiyerekeze kuti 1,000,000 yoyamba ilibe msonkho ndipo yopitirira pamenepo ndi 20 peresenti. Pa 2,260,000 msonkho ukhudza 1,260,000 yokha, ndipo ndi 252,000. Mukalowa gawo lapamwamba, mlingo wapamwambawo umagwira ndalama zokhazo zimene zili m'gawolo, osati zonse. Kukana oda yaikulu poopa kuti "ndilowa gawo lina" ndi kudzimana chabe. Koma ngati muli pa ntchito yolembedwa ndipo bizinesi ndi yapambali, gawo lopanda msonkho lija malipiro anu analidya kale, ndiye phindu la bizinesi likhoza kukhomedwa kuyambira pa ndalama yoyamba.

Chaka chimene mwaluza, perekanibe fomu yosonyeza kuluzako. Mayiko ambiri amalola kuti zimene munaluza muzichotse pa phindu la zaka zotsatira, koma pokhapokha ngati munazilemba pa fomu nthawi yake.

Mayiko ambiri alinso ndi njira yachidule ya bizinesi zimene zogulitsa zake sizifika mlingo wina. Ena amaitcha turnover tax, ena presumptive tax. Mumalipira peresenti yaing'ono pa zogulitsa zonse, osachotsa kalikonse. N'zosavuta, koma sikuti n'zotchipa kwa aliyense. Pa 2 peresenti, bizinesi yathu ija ilipira 240,000, pafupifupi chimodzimodzi ndi njira yaitali. Koma wogulitsa zinthu za phindu lochepa, amene pa 100 iliyonse amatsala ndi 3, msonkho wa 2 peresenti umamutengera magawo awiri mwa atatu a phindu lake, ndipo amalipira ngakhale chaka chimene waluza. Pamene lamulo likukupatsani mwayi wosankha, werengani njira zonse ziwiri ndi manambala a chaka chatha musanasaine.

6. VAT: muyang'anire malire

VAT inayambira ku France mu 1954, ndipo lero ili m'mayiko oposa 160. Ku India, Australia ndi Canada amaitcha GST. Ku United States kulibe, kuli msonkho wa pa malonda umene zigawo za dzikolo zimadziikira zokha. Kulikonse kumene ilipo, imayenda motere: mumatolera VAT pa zimene mwagulitsa, mumachotsa VAT imene munalipira pogula za bizinesi, yotsalayo mumapereka kuboma.

Tiyerekeze 15 peresenti. Mwaoda katundu wa 100,000, mwalipira ndi VAT ya 15,000. Mwamugulitsa 160,000, kasitomala wawonjezera VAT ya 24,000, wakupatsani 184,000. Kuboma mupereka 24,000 kuchotsa 15,000, ndiyo 9,000.

Cholakwika chofala ndi cha masamu. Ngati mtengo umene munalemba pa katundu ndi 184,000 VAT ili momwemo, musatenge 15 peresenti ya 184,000. Mupeza 27,600, ndipo mupereka zopitirira. VAT yobisala mu mtengo imatuluka pochulukitsa ndi 15 n'kugawa ndi 115. Mlingo ukakhala wina, nambala yapamwamba ndi mlingowo, yapansi ndi 100 kuphatikiza mlingowo.

Simuloledwa kutolera VAT musanalembetse, ndipo mumakakamizidwa kulembetsa zogulitsa zikadutsa malire amene lamulo linaika. Malirewo amayang'ana zogulitsa, osati phindu, ndipo m'mayiko ambiri amawerengedwa pa miyezi 12 iliyonse yotsatizana, osati kuyambira Januwale. Choncho kumapeto kwa mwezi uliwonse phatikizani zogulitsa za miyezi 12 yapitayo. Mukadutsa malire osalembetsa, bungwe lidzafuna VAT kuyambira tsiku limene munayenera kulembetsa. Makasitomala aja anapita kalekale, ndipo ndalamayo idzatuluka m'thumba mwanu.

Nanga kulembetsa mwakufuna kwanu musanafike malire, pamene lamulo likulola? Yang'anani amene amakugulani. Ngati ndi makampani olembetsa VAT, iwo amaichotsa pa VAT imene amapereka kuboma, siiwapweteka, ndipo inu mumayamba kuchotsa yanu. Ngati ndi anthu wamba, mtengo wanu ukwera kapena phindu lanu lichepa.

Kuti muchotse VAT imene munalipira pamafunika invoisi yovomerezeka: dzina ndi nambala ya VAT ya wogulitsa, tsiku, nambala ya invoisi, katunduyo, ndi VAT yolembedwa payokha. Kapepala kolembedwa mtengo wokha sikakwanira. Yang'anani invoisi musanachoke pamalo ogulira. Kuikonzetsa patapita miyezi itatu n'kovuta.

Mawu awiri ofanana koma osiyana ntchito: katundu wa zero-rated ndi wa exempt. Onse awiri kasitomala salipira VAT. Koma wogulitsa wa zero-rated amabwezeredwa VAT imene analipira pogula, pamene wogulitsa wa exempt sabwezeredwa, imangolowa mu mtengo wake. Ngati mumagulitsa zosakaniza, VAT ya zinthu monga lendi ndi magetsi imagawidwa, simuchotsa yonse.

7. Mukalemba wantchito, kapena mukamachita malonda ndi mabungwe akuluakulu

PAYE ndi msonkho wa wantchito, koma udindo woudula ndi kuupereka ndi wanu, mwezi uliwonse. Mukapanda kudula, bungwe limabwera kwa inu, osati kwa iye. Popangana malipiro, nenani momveka ngati nambalayo ndi yodulidwa kale kapena ayi, ndipo lembani. Mukalonjeza munthu kuti "uzilandira mwakuti m'manja", mwavomera kuti msonkho wake muuwonjezera pamwamba. Zina zimene mumamupatsa, monga nyumba, galimoto kapena alawansi, nthawi zambiri zimakhomedwanso. Kumbukiraninso zopereka za penshoni ndi zina zimene lamulo limaika pa wolemba ntchito. Si msonkho wa phindu, koma zimatuluka mwezi womwewo, ndipo zimakweza mtengo weniweni wa wantchito aliyense. Kutchula munthu kuti ndi waganyu sikusintha kanthu ngati amabwera tsiku lililonse, pa maola anu, ndi zipangizo zanu. Lamulo limayang'ana kagwiridwe ka ntchito, osati dzina.

Withholding tax imakukhudzani mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi pamene akukudulani. Mwatumiza invoisi ya 500,000 ku kampani, iwo adula 10 peresenti, mwalandira 450,000. Ndalama 50,000 ija sinatayike; yaperekedwa kuboma m'dzina lanu, ndipo kawirikawiri idzachotsedwa pa msonkho wanu wa pachaka. Koma pamafunika zinthu ziwiri. M'buku lembani malonda a 500,000, osati 450,000. Ndipo tengani satifiketi yosonyeza kudulako, yokhala ndi TIN yanu yolondola. Popanda satifiketi mudzalipira kawiri. Ipempheni tsiku lolandira ndalama, musadikire kutha kwa chaka.

Mbali yachiwiri ndi pamene inu muyenera kudula ena, monga pa lendi, pa malipiro a akatswiri kapena a makontrakitala, kapena potumiza ndalama kwa munthu wakunja. Si bizinesi iliyonse imene ili ndi udindo umenewu, choncho funsani polembetsa. Ngati muli nawo n'kupanda kudula, ndalamayo idzafunidwa kwa inu.

8. Katundu wakunja

Mtundu uliwonse wa katundu uli ndi nambala yake pa ndondomeko ya Harmonized System, imene bungwe la World Customs Organization limayendetsa kuyambira 1988. Manambala 6 oyamba ndi ofanana padziko lonse, ndipo nambala imeneyi ndi imene imanena mlingo wa msonkho. Ifufuzeni musanaode.

M'mayiko ambiri msonkho wa pachipata suwerengedwa pa mtengo wogulira wokha, koma pamodzi ndi mayendedwe ndi inshuwalansi, kenako VAT imabwera pamwamba pa zonsezo, ndi msonkho womwe. Katundu wa 1,000,000, mayendedwe ndi inshuwalansi 200,000, pamodzi 1,200,000. Msonkho wa 25 peresenti ndi 300,000. VAT ya 15 peresenti ikuwerengedwa pa 1,500,000, ndiyo 225,000. Pachipata mulipira 525,000, kuposa theka la mtengo umene munagulira. Amene anangophatikiza 25 ndi 15 n'kukonza 400,000 katundu wake amakhala pachipata akudikira ndalama, lendi yosungira ikukwera tsiku ndi tsiku. Zinthu monga mowa, fodya ndi mafuta a galimoto zimakhalanso ndi msonkho wina wapadera wotchedwa excise pamwamba.

9. Lembani masiku, patulani ndalama

Kupereka fomu ndi kulipira ndi maudindo awiri, ndipo uliwonse uli ndi chilango chake. Ngati ndalama mulibe, perekanibe fomu pa nthawi yake. Mupewa chindapusa chimodzi, ndipo mabungwe ambiri otolera misonkho amalola kulipira pang'onopang'ono kwa munthu amene wabwera yekha asanamutsate. Chiwongoladzanja chimapitirira, koma mkangano umachepa.

Kawirikawiri PAYE ndi withholding tax zimaperekedwa mwezi ndi mwezi, VAT mwezi ndi mwezi kapena miyezi ingapo, ndipo fomu ya phindu kamodzi pachaka. Koma msonkho wa phinduwo mayiko ambiri safuna kudikira chaka chithe. Amafuna muzilipiriratu m'magawo, nthawi zambiri miyezi itatu iliyonse, poyerekeza phindu limene mukuyembekeza. Imeneyi ndiyo provisional tax. Mukayerekeza mochepa kwambiri pamakhala chilango, choncho malonda akakula pakati pa chaka, kwezani gawo lotsatira. Samalani ndi chaka chachiwiri cha bizinesi: msonkho wotsala wa chaka choyamba ndi magawo a chaka chachiwiri zimatha kufika nthawi imodzi.

Njira yodalirika ndi akaunti yachiwiri imene simuikhudza. VAT, PAYE ndi zodula zina zilowemo tsiku lomwe zapezeka. Za msonkho wa phindu, tengani msonkho wa chaka chatha, gawani ndi zogulitsa za chaka chatha, ndipo peresenti imeneyo muzipatula sabata iliyonse. M'chitsanzo chathu 252,000 pa 12,000,000 ndi 2.1 peresenti, patulani 2.5 kuti mukhale ndi mpata.

Polipira, onetsetsani TIN, mtundu wa msonkho ndi mwezi wake. Ndalama yolowa pa mtundu wolakwika imaoneka ngati simunalipire, chindapusa n'kumakwera pamene ndalama ili kale kuboma. Lisiti lolipirira lisungidwe pamodzi ndi fomu yake. Zolemba zonse musunge zaka zimene lamulo lakwanu limanena. M'mayiko ambiri n'zosachepera 5.

Mukalemba akauntanti, musamupatse udindo wonse n'kuiwala. Fomu imapita m'dzina lanu, ndipo chilango chimabwera kwa inu. Musanavomere kuti aitumize, yerekezani zogulitsa zolembedwapo ndi kope lanu, ndipo muone umboni wakuti ndalama imene munamupatsa yafikadi.

Kalata yochokera ku bungwe la misonkho ikabwera, yang'anani tsiku lake kaye. Ngati akuyerekezerani msonkho umene simukugwirizana nawo, nthawi yodandaulira imakhala yochepa, kawirikawiri masabata owerengeka, ndipo ikadutsa nambala yawoyo imakhazikika. Dandaulo likhale lolembedwa, lokhala ndi makope a malisiti, ndipo musunge umboni wakuti analilandira.

10. Mukatseka bizinesi

Kutseka chitseko sikutseka fayilo ya msonkho. Lembani kalata yopempha kuti akuchotseni pa mtundu uliwonse umene munalembetsa, perekani mafomu omaliza, ndipo mpaka atayankha pitirizani kupereka mafomu a ziro. Ngati munali pa VAT, werengani katundu ndi zipangizo zimene zatsala, chifukwa m'mayiko ambiri VAT imafunidwa pa zimenezo ngati munachotsa kale VAT imene munalipira pozigula. Kalata yotsimikiza kuti mwachotsedwa muisunge pamodzi ndi mabuku a zaka zomaliza; banki kapena bungwe lomwelo likhoza kudzaifunsa mukadzafuna kutsegula bizinesi ina.